Timizere Topumira

Atagawa katundu wa malemu mkazi wanga, abale ake anandisiyira chikwama chimodzi cha pulasitiki. Zitenje zinapita kwa azichemwali ake, mapoto anabwerera kwa amayi ake ku Ligowe. Ine anandisudzula monga mwa mwambo, ndi mawu aulemu, ndipo ndinabwerera ku nyumba ya sukulu pa Boma kumene ndimaphunzitsa. Chikwamacho palibe anachiwerengera ngati katundu. Munali mapepala okhaokha.

Mkazi wanga ankaphunzitsa kwaya ya kwawo. Nyimbo zina ankapeka yekha, zina ankangozikonza kuti zigwirizane ndi mawu a anthu amene anali nawo, poti amuna oimba besi anali ochepa. Ankalemba ndi bolopeni, mizere inayi pa pepala, zilembo za d, r, m ndi timadontho pakati pake. Ine manotsi amenewo sindiwerenga. Ku koleji ndinapita, koma kuimba kunandikana. Ndikayamba nyimbo m'nyumba ankanditseka pakamwa ndi dzanja, amvekere, "Aphunzitsi, Mulungu wamva, mukhoza kusiya."

Chikwamacho ndinachiika pamwamba pa kabati. Sindinkachitsegula. Kungodziwa kuti chilipo kunkandikwanira.

Nyengo yozizira itafika, manachesi atadzaza pamsika, mchemwali wake wamkulu anabwera pa njinga yamoto. Ndi iwo amene anatsala akutsogolera kwaya. Anatula kathumba ka manachesi patebulo, nayang'ana m'khitchini asanakhale pansi.

"Alamu, mwaonda. Kodi mukudya choko kusukuluko?"

"Ndikudya bwino, alamu."

"Mukudya chiyani? Poto uyu muli akangaude."

Tinaseka pang'ono. Kenako anafika pa chimene anadzera. Anati kwaya ikuimba zapamtima, ndipo nyimbo zija zayamba kuthawa m'mitu. A aluto akukangana ndi a tenala, aliyense akuti malemu ankatere. Ankafuna mapepala aja.

Ndinati ndiganizepo. Iwo sanandikakamize. Anangoyang'ana pamwamba pa kabati, natsanzika.

Zithunzi za mkazi wanga ndili nazo zambiri m'foni, koma chinthu chimene anachigwira ndi dzanja lake chinali chokhacho. Sindinafune kuwamana, komanso sindinafune kutsala chimanjamanja. Ndiye ndinakumbukira pulogalamu ya pafoni imene ndimajambulira mapepala a mayeso ndi makalata a kuntchito. Ndinaona kuti nkhani yatha: ndijambula, ndikapulinta, iwo atenga makope, ine nditsala ndi enieniwo.

Loweruka m'mawa ndinakokera tebulo pafupi ndi zenera. Ndinkaika pepala, foni pamwamba. Pulogalamuyo inkapeza yokha ngodya za pepala, n'kuliwongola, n'kuliyeretsa. Pamene panagwera tiyi pankayera. Fumbi lofiira la mumsewu wa ku Ligowe linkachoka, makwinya onse n'kutha. Zolemba zake zinkatuluka zakuda bii pa pepala loyera mbee, zokongola kuposa mmene zinalili. Ndinakondwera nayo ntchitoyo. Ndinakapulinta pa kashopu ka pafupi ndi msika, n'kupatsira mwamuna wina wa njinga yamoto amene amadutsa kwawoko.

Patapita masabata angapo ndinapita kukaona apongozi anga, ndipo madzulo ake ndinalowa m'tchalitchi kwaya ikuphunzira. Ndinakhala pa benchi yakumbuyo. Makope anga anali m'manja mwawo. Anayamba nyimbo imene ndinkaidziwa bwino, poti inapekedwa pakhonde panga. Ngakhale ine wosadziwa kuimba ndinamva kuti pali chimene chalakwika. Mawu ake anali omwewo, koma nyimboyo inkaduka paliponse, uyu wapuma apa, uyo wapitiriza, wina wathamangira kutsogolo.

Alamu anga anakweza dzanja, kwaya inasiya. Anabwera kumbuyo kuja ndi pepala m'manja.

"Alamu, foni yanuyi ndi yadyera eti? Yadya zopumira."

"Zopumira ziti?"

"Timizere tija. Ta pensulo. Mng'ono wanga ankaika pamwamba pa mzere, posonyeza kuti apa tonse tikoke mpweya. Muno mulibe ngakhale kamodzi."

Ndinati sindinationepo. Anandiyang'ana, kenako anaseka chamumtima. "Paja inu mumawerenga za bolopeni zokha."

Nditafika kunyumba mawa lake ndinatsitsa chikwama chija. Ndinatenga pepala limodzi n'kuima nalo pazenera. Tinalipo. Timizere tating'ono, topendekeka, ta pensulo yosasongoka, tosaoneka bwino mpaka utapendeketsa pepala. Pulogalamu ija inatiyesa litsiro, n'kutichotsa pamodzi ndi tiyi ndi fumbi.

Ndinayala mapepala onse pamkeka. Pa nyimbo zakale, za nthawi imene tinali pachibwenzi, timizereto tinali patalipatali. Mzere wathunthu ankaumaliza ndi mpweya umodzi. Pa nyimbo za chaka chomaliza, matenda a mtima atayamba kumubanikitsa, tinali pafupipafupi. Pena mawu awiri okha, kamzere.

Ndimakumbukira masiku amenewo. Iye pampando wa pakhonde atafunda chitenje, akuimba motsitsa, kuima, kuimbanso. Ine pambali pake ndikuchonga makope a ana. Kuima kwakeko ndinkakumva, ndipo ndinkayesetsa kuti asaone kuti ndakumva. Sindinadziwe kuti akaima chonchija, pensulo inkagwira ntchito. Kwaya yonse inaphunzira nyimbozo kwa iye, ndipo inazolowera kupuma pamene iye ankapuma.

Ndinajambulanso mapepala onse, koma ulendo uno ndinazimitsa choyeretsa chija kuti pepala lituluke mmene lilili. Pafoni timizereto tinkaoneka ndikakulitsa ndi zala. Nditakapulinta limodzi loyesera, tinangokhala ngati mthunzi.

Panali njira ina. Ndikanatha kukopera timizereto ndi dzanja langa pa makope aja. Ndinayambadi, pepala limodzi. Koma dzanja langa linazolowera ntchito ina. Kamzere kalikonse kankatuluka ngati ndikuchonga mayeso a mwana wa sukulu. Ndinaika bolopeni pansi.

Ndinakhala pamkeka paja nthawi yaitali. Mapepalawo m'mbali mwake anali akuda ndi zala za anthu ambiri, ena ong'ambika popindira. Pamwamba pa kabati yanga panalibe amene akanawaimba.

Lamlungu lotsatira ndinakwera njinga yamoto mamawa, chikwama ndili nacho pachifuwa chifukwa kunali kamvula ka chiperoni. Alamu anga ndinawapeza panja pa tchalitchi akumanga duku.

"Alamu, awa."

Anatsegula, nayang'ana pepala lapamwamba. Sanaseke ulendo uno.

"Enieni aja? Nanga inu mutsala ndi chiyani?"

Ndinawaonetsa foni. Anakulitsa chithunzi ndi chala, naona banga la tiyi ndi kamzere pambali pake. Anandibwezera, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Mukhale kutsogolo lero," anatero.

Ndinakhala kumbuyo komwe kuja. Nthawi ya kwaya itakwana, anasankha nyimbo ya chaka chomaliza. Anaimba mawu awiri oyamba, kenako onse pamodzi anaima. M'tchalitchi monse munamveka mpweya umodzi ukukokedwa, waufupi, wofulumira. Ndinauzindikira. Unali wa pakhonde paja.

Pamwamba pa kabati tsopano palibe kanthu. Masana ena ndikaweruka ndimakhala pakhonde, n'kutsegula pepala limodzi pafoni. Manotsi sindiwerengabe. Ndimangotsata mzere ndi chala, ndipo ndikafika pa kamzere ka pensulo ndimaima, n'kukoka mpweya.