Tamanda ndi Asilikali a M'magazi

Mu 1991, Tamanda Nyirenda wa ku Magodi anaika mayi ake m'manda asakumvetsa chomwe chinawapha. Linali bala la khasu chabe, pachidendene. Thupi litatentha, pa kachipatala kapafupi anati ndi malungo. Mankhwala anamwa ndithu, koma posakhalitsa anayamba kubwebweta, kupuma mwabefu, manja ali zii. Basi, anapita.

Chaka chomwecho Tamanda analephera mayeso a giredi 12. Anasamukira pa boma la Lundazi, kumene anapeza ntchito yokolopa ndi kutsuka mabotolo mu labotale ya chipatala.

Tsiku lina a Darius Zimba, mkulu woyeza magazi, anamupeza akusuzumira pa maikulosikopu.

"Osathawa, mwana wanga. Bwela uone bwino."

Tamanda anaika diso. Anaona timbale tofiira tosawerengeka, ndipo apo ndi apo tina tokulirapo, ta mtundu wa maluwa a mbatata.

"Tokulirapoto ni asilikali a thupi," anatero a Zimba. "Tizilombo tikalowa m'magazi, amamenya nkhondo. Nthawi zina nkhondo imakula mpaka kuononga thupi lomwe akuteteza. Ndiye sepsisi imeneyo. Ukaona kunja, ungati ni malungo."

Mtsikanayo anayang'ananso. Nkhondo yonseyo m'kadontho kamodzi! Anafotokoza za mayi ake, misozi ili chuchuchu.

"Adada, nanga munthu angadziwe bwanji msanga?"

"Funso limenelo, madokotala akulu akali kulifufuza. Pita ukaphunzile."

Analembanso mayeso, nalepheranso sayansi. Anzake ankamuseka kuti mopu ndiye cholembera chake. Ulendo wotsatira anakhoza bwino, ndipo anapita ku Lusaka kukaphunzira kuyeza magazi. Kumeneko analowa m'gulu lofufuza za chitetezo cha m'thupi. Ankayeza chizindikiro chimene chiwindi chimatulutsa thupi likakhala pankhondo yaikulu, n'kuwerenganso asilikali anthete amene thupi limatumiza akuluakulu akatha.

Mu 1998 anabwerera ku Lundazi. Mmawa wina ngolo inafika kuchokera ku Mphamba itanyamula a Ezron, bambo wa ku Kasungu wogwira ntchito m'minda ya fodya. Anali atakomoka. M'magazi awo tizilombo ta malungo tinalimo, koma tochepa zedi. Tamanda anayang'anitsitsa. Asilikali anthete anali mbwee, chizindikiro chija chitakwera moopsa.

Anathamangira kwa dokotala. "A dokotala, malungo alipo, koma chimene chikuwapha ni sepsisi. Tikachedwa tiwataya."

Dokotala anadzionera yekha pa maikulosikopu, nagwedeza mutu. "Dilipi na jekeseni, pano pano!"

A Ezron analimbana ndi imfa masiku angapo. Kenaka anatsegula maso, nayang'ana mkazi wawo Agness, amene anali atatuma kale uthenga wakayakaya ku Kasungu.

"Kodi fodya uja mwapachika m'chigafa?"

Agness anagwa chagada ndi chiseko, uku akulira. Wodi yonse inaimba nthungululu. Tamanda anaima pakhomo, akuonerera.

Kuyambira pamenepo, aliyense wofika pa chipatalacho atatentha thupi modetsa nkhawa ankayezedwa motero, ndipo ambiri anabwerera kwawo akuyenda okha.

Inu amene mwalephera mayeso, amene mukukolopa pamene anzanu akulemba: funso limene likukusowetsani mtendere lingakhale ntchito ya moyo wanu wonse. Likakamireni. Musataye mtima, kuli munthu amene adzadzuke chifukwa cha inu.