Mlamu Wanga Atasintha Bwana

Matipate atangoyamba kumene, mlamu wanga ndiye anali dalaivala waliwiro kuposa onse pa msewu wafumbi wochokera ku Phalombe kupita ku Chitakale. Ankayendetsa matola, pikapu ya bwana wina wa pa boma amene anali ndi magalimoto awiri. Inayo ankayendetsa mnzake wa ku Nkhulambe, ndipo awiriwa ankapikisana tsiku ndi tsiku kuti ayambe ndani kufika pa siteji n'kukokolola anthu ndi matumba a nandolo.

Tsiku lina tinangomva kuti mlamu wapita kwa bwana wina. Nditamufunsa atakhala pakhonde pathu, anati, "Malipiro, alamu. Uko akundipatsa zambiri."

Ine sindinakhulupirire. Mkazi wake, mchemwali wanga, ankabwerabe kudzapempha sopo ndi mchere monga kale, ndipo galimoto ya bwana watsopanoyo inali chiphapha chochita kukankha kuti chilire. Patapita sabata ndinaona mnzake wa mlamu uja akudutsa pa pikapu yatsopano, mapulasitiki akadali pa mipando.

"Kodi alamu, simunachoke chifukwa choti galimoto yatsopano ija bwana wanu wakale anapatsa mnzanu?" ndinamufunsa.

"Amene uja ndinamuphunzitsa ndine kusintha magiya," anatero, n'kunyamuka osatsanzika.

Ena ankanong'ona kuti mnzakeyo anakamuneneza mlamu kwa bwana wakaleyo kuti amagulitsa petulo mobisa. Zoona zake sindikuzidziwa mpaka lero, ndipo mchemwali wanga ndikamufunsa amangosintha nkhani. Chimene ndinaona ndi maso anga n'chakuti awiriwa akakumana pa msewu, palibe amene ankalizira mnzake hutala.