Chimanga cha Tonse ku Mufakose

Linali Loweruka lomaliza la mwezi wa Epulo, 3 koloko masana, nkhondo yomenyera ufulu m'dziko la Ashona ili pafupi kutha. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ndinaima pamzere ndi makolo anga kuseri kwa nyumba ya a tcheyamani a chipani ku Mufakose, tikudikira gawo lathu la chimanga.

Kumunsi kwa lokeshoni kunali dambo limene anthu ankalima mozemba khonsolo. Amayi anali ndi kamunda kawo komweko. Ankaunda mizere ikuluikulu monga anaphunzirira kwawo ku Dedza, n'kubzalamo chimanga, maungu ndi nyemba. Malipiro a bambo a ku fakitale ya zovala sankafika kumapeto a mwezi, choncho kamundako ndiko kankatidyetsa.

Chaka chimenecho bambo anayamba kupita kumisonkhano yachinsinsi ya chipani. Ankabwerako nkhope ikuwala.

"Chimatchedwa chikomyunizimu," anatiuza tsiku lina. "Kulibe bwana, kulibe wantchito. Kulibe Mshona, kulibe Mnyasa. Nthaka ndi ya amene akuilima. Chilipo cha ku Rasha, chilipo cha ku Tchaina."

"Ngati onsewo akuti anthu ndi amodzi, nanga akudaniranji okhaokha?" anafunsa amayi.

"Zimenezo n'za akuluakulu, Nabanda," anatero bambo akuseka.

Kumsonkhano anagwirizana kuti timinda tonse ta m'dambo tikhale munda umodzi, tikolole pamodzi, tigawane mofanana. Amayi anakana kaye, koma bambo anawanyengerera mpaka analola. Mizere yathu ndiyo inabereka kuposa ya onse. Ineyo ndinasenza nawo chimangacho kukatula kwa a tcheyamani, khosi likuwawa koma ndikunyadira.

Tsiku logawalo matumba ena anaikidwa pambali, ati ndi a anyamata omenya nkhondo kutchire. Palibe anadandaula. Matumba enanso analowa kuchipinda kwa a tcheyamani, ndipo palibe anafunsa. Kenaka anayamba kuitana mabanja, chitini chogawira chikulira pothira. Mulu unkachepa ine ndikuona. Pomaliza tinatsala ife ndi banja lina la ku Chipata.

"Komuredi, mwatiiwala," anatero bambo atavula chipewa.

A tcheyamani anayankha m'Chishona, osakweza mawu. "Sitinakuiwaleni, achimwene. Nthaka iyi tikuifera ndife. Inu muli ndi kwanu, ndipo boma lanu limadyera pamodzi ndi azungu."

"Koma munati kulibe mtundu."

"Zimenezo n'za tikapambana. Kapena mukufuna anthu ayambe kufunsa kuti za misonkhano yathu mumakauza yani?"

Ngakhale ine mwana ndinamva tanthauzo lake. Nyumba ya munthu wotchedwa wogulitsa anzake inkathiridwa petulo. Kupolisi sitikanapitako, poti mundawo unali woletsedwa, misonkhanoyo inalinso yoletsedwa. Bambo anavala chipewa chawo. Mayi woyandikana nafe nyumba, amene ankapempha mchere kwathu, anatidutsa atasenza thumba lake, maso ali pansi.

Tinabwerera kunyumba chimanjamanja. Bambo anakhala pakhomo mpaka dzuwa kulowa, akupukuta njinga imene inali yopukuta kale.

Lero ndili ndi wanga mwana kumsana, ndipo sukulu sindinapite nayo patali kuti ndiweruze mabuku a anthu ophunzira. Mawu amene bambo ankabwera nawo aja ndimawaonabe okoma, ndipo ndikukhulupirira kuti ena anawafera moona mtima. Koma ndinaphunzira kuti akati "tonse", amene amasankha kuti tonseyo ndani ndi uja wagwira chitini chogawira. Wakumapeto kwa mzere alibe kokadandaula.

M'mawa mwa tsiku lotsatira kugawana kuja amayi anandidzutsa anthu asanatuluke, poopa kuti angatione. Tinatsikira kudambo mame akutinyowetsa miyendo. Ndinagwada pakati pa mapesi, m'mizere imene amayi anaunda okha, n'kuyamba kukunkha tizimanga tofumbwa timene okolola anatisiya.