Anock Longwe, Womasulira Mawu pa Khoti

Kwa zaka khumi ndi zinayi, kuyambira 1972, a Anock Longwe ankamasulira mawu pa khoti ku Nkhata Bay. Anali aafupi, adazi, ndipo jekete lawo lakuda sankalivula ngakhale mu Okutobala, thukuta lili kamukamu.

Oweruza ambiri ankachokera kumwera ndi pakati, ndipo Chitonga sankachimva. Oimbidwa milandu nawo anali asodzi ndi alimi a chinangwa, amene Chichewa chinkawathawa akangoima m'kabokosi. Choncho mawu onse ankadutsa pakamwa pa a Longwe, ndipo pakamwapo ankalowa ena n'kutuluka ena.

Zilango za m'buku la malamulo sizinkawasangalatsa. Woba mbuzi imodzi ankakaseweza jere, pomwe wogulula mkazi wake dzino ankangodzudzulidwa n'kubwerera kwa mkazi yemweyo. Ndiye iwo ankakonza zinthu pa nthawi ija woweruza amafunsa wolakwa ngati ali ndi dandaulo asanalandire chilango. Woba chinangwa chifukwa cha njala, ngakhale anene kuti alibe mawu, m'Chichewa ankapezeka ali ndi ana amasiye asanu ndi mayi wosaona. Mwamuna wogwidwa ndi tsitsi lofika pakolala, limene linali loletsedwa masiku amenewo, ankasanduka namfedwa amene tsiku lometa silinamukwanire. Koma womenya mkazi, kaya alire chotani, a Longwe ankangoti, "Akuti zinachitika basi, bwana."

Chilungamo chawocho chinalinso ndi pokhota. Anzawo a kwaya ya kutchalitchi onse ankalapa msanga, ndipo aliyense amene anawasekapo dazi ankamveka wamwano. Anthu anazitulukira. Pamsika a Longwe ankapatsidwa moni wogwada kuposa a tcheyamani a chipani, mwakuti a tcheyamaniwo anawafunsa khadi la chipani katatu m'sabata imodzi.

Mu 1986 kunabwera woweruza wina, a Jameson Kadzakumanja ochokera ku Ntcheu, munthu wofatsa ndi wokonda kulemba. Palibe amene ankadziwa kuti mayi awo anali a ku Chintheche. Mwezi wathunthu ankangomvetsera n'kumalemba.

Tsiku lina anaweruza Reuben Mhone, msodzi wa ku Mwaya amene anaba ukonde wa mnzake. Reubenyo ankaimba besi m'kwaya ya a Longwe, choncho analibe mantha. Atafunsidwa dandaulo, ananena m'Chitonga kuti munthu wa khosi ngati la kakowa, wosadziwa kusiyanitsa ukonde ndi neti ya udzudzu, sangaweruze msodzi. A Longwe anali akutsokomola kuti ayambe kumasulira pamene woweruza anaphulika kuseka mpaka kuvula magalasi.

"Pitirizani, a Longwe," anatero a Kadzakumanja akupukuta misozi. "Wati chiyani?"

"Akuti akupepesa kwambiri, bwana."

Reuben anapatsidwa miyezi isanu ndi inayi. Khoti litatha, woweruza anaitanira a Longwe mu ofesi, n'kuwalonjera m'Chitonga chosalala ngati cha m'bale wawo. Anawaonetsa kope: mbali ina analemba zimene anthu ananena, mbali inayo zimene a Longwe anamasulira. Anavomera kuti pa milandu ina a Longwe anaona bwino kuposa buku, koma anati sakumvetsa chifukwa chake oimba kwaya okha ndiwo amadziwa kupepesa.

"Mwagamula milandu pano zaka zambiri kuposa ine," anatero. "Munthu wotereyu timupatse chilango chanji?"

A Longwe anapempha kuti khoti liganizire zakuti wolakwayo n'koyamba kugwidwa.

Sanawachotse ntchito. Anawasamutsira ku kachipinda ka kuseri kosungira katundu wa umboni. Kumeneko ankakhala pakati pa maukonde, zigubu za kachasu ndi njinga zopanda matayala, ndipo masana ankadyetsa msipu mbuzi zodikira milandu ya eni ake.

Pa mpando wawo panakhala mayi Ellen Nkhwazi, amene ankamasulira liwu ndi liwu, ngakhale zotukwana. Miyezi yoyamba jere inadzaza. Kenako anthu anazindikira kuti tsopano aliyense ayenera kudzinamira yekha. Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse khoti lisanayambe, pa windo la kachipinda kaja pankakhala mzere wa abale a oimbidwa milandu, ndipo a Longwe ankawaphunzitsa poyambira kulira ndi posiyira, mpaka anapuma pa ntchito mu 1990.