Mabuku Awiri a Nkhondo ya Patebulo

Amuna anga anali mphunzitsi wa masamu kusekondale, kumudzi. Titabwera kuno ku Glasgow mapepala awo sanawathandize, ndiye anakhala mlonda pasitolo yaikulu ya m'tauni, kuima pakhomo tsiku lonse kuyang'ana anthu olowa ndi otuluka. Sankadandaula. Wodandaula m'nyumba mwathu ndinali ine, ndipo mpaka lero ndi ine. Ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi, ndipo ndikabwerako pakamwa panga sipatseka.

Timakhala ku Maryhill, m'fulati ya pamwamba yoyang'ana kukanalo, mtsinje wochita kukumba wodutsamo maboti. Pansi pathu pamakhala mkulu wina wa konkuno, dalaivala wa basi wopuma ntchito, amene mkazi wake anamwalira kalekale. Ndi iyeyo anawayambitsa amuna anga masewera a nkhondo ya patebulo. Mwana wathu atachoka kupita kuyunivesite, awiriwa analanda chipinda chake. Anagoneka chitseko chakale pa timatebulo tiwiri, anamatapo thovu loyera lija amakutira firiji yatsopano, anakumbamo ngalande, anapaka utoto wa matope, n'kuzunguliza waya ngati wa minga. Asilikali ake anali tizidole tosafika theka la chala. Amuna anga ankatipaka okha utoto ndi kaburashi kosongoka ngati singano, ndipo tina anatipaka nkhope zakuda, ati ndi anthu akwathu. Nkhondo yake inali ija yoyamba ya padziko lonse, imene anthu ankakhala m'ngalande miyezi yambiri, kuomberana osasuntha.

Poyamba ndinkawaseka. "Bambo, mwana wakula, ndiye zidole mwatenga ndinu?"

"Mayi, tapangani tiyi," ankayankha osadzutsa mutu. "Kuno anthu akutha."

Tsiku lina mkulu wa mpingo anabwera kudzationa, anaona madayisi ali mbwee patebulo, ndipo potsika masitepe anandinong'oneza kuti kodi bambo ayamba juga. Ndinamuuza kuti akhazike mtima pansi, juga yake n'njoti palibe amadya.

Masewerawo ali ndi malamulo, ndipo mkulu wa pansi anabwera ndi mabuku awiri. Lina linali lalikulu, lochindikala ngati la nyimbo zakutchalitchi, lodzaza mizere ya manambala. M'buku limenelo msilikali asanaombere umayamba wayeza mtunda ndi tepi, kenako kuponya madayisi, kenako kuchotsera chifukwa cha utsi, kuchotsera chifukwa cha matope, kuwonjezera ngati kapitawo wake ali pafupi, kuchotseranso ngati anzake afa ambiri ndipo iye wagwidwa mantha. Nkhondo imodzi inkatenga masiku atatu a Loweruka, ndipo mapeto ake nthawi zambiri palibe wopambana, tizidole tili lambalamba pawaya. Linalo linali kabuku ka masamba ochepa. Umangoponya dayisi limodzi, likatuluka nambala yaikulu mdani wafa, basi. Ola limodzi mwamaliza, wina wapambana.

Kabuku kameneka amuna anga ankakanyoza koopsa. Ankati n'ka ana a mkaka, komanso kabodza, chifukwa asilikali ake amathamanga m'matope ngati ali pabwalo la mpira. Buku lalikulu ndiye ankalidziwa pamtima. Mkulu wa pansi akamatsata mizere ndi chala, iwo anali atamaliza kale kuwerengera m'mutu, atapinda manja, akumudikira ndi kumwetulira kuja kwa aphunzitsi. Sabata yonse anali mlonda wa pakhomo amene anthu amamudutsa osamuona. Loweruka masana ankakhalanso mphunzitsi wa masamu, ndipo ngakhale mawu awo ankasintha. Ine izi ndinkaziona bwinobwino. Sindinganame kuti sindinkadziwa.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa wina akuvala kuti apite kuntchito, anagwa kubafa. Inali sitiroko. Anakhala m'chipatala milungu ingapo, ndipo potuluka ankayenda ndi ndodo, dzanja lamanja lili lende, mawu akutuluka pang'onopang'ono. Kulankhula kunabwerera, mwendo unayamba kumvera. Chimene chinkawathawa chinali manambala. Atsikana a kuchipatala anawapatsa zochita za tsiku ndi tsiku, kufinya kampira ndi kuwerenga mapepala, ndipo ankazichita m'mawa uliwonse mosakakamizidwa. Ankati akufuna pofika chilimwe akhale atabwerera patebulo, amutibule dalaivala uja.

Loweruka loyamba kusewera, ine ndinaima pakhomo la chipinda ndi thireyi ya tiyi. Anaponya madayisi ndi dzanja lamanzere. Panafunika kuphatikiza zinayi ndi zitatu n'kuchotsapo ziwiri. Amuna anga anayang'ana madayisiwo, milomo ikugwedera. Anayamba, anasokoneza, anayambiranso. Thukuta linatuluka pachipumi m'nyumba mozizira choncho. Mkulu wa pansi ankangoyang'ana kunja ngati pakanalo pakuchitika zodabwitsa. Tiyi anazizira ndili chiimire. Kenaka amuna anga anati, "Zisanu." Mnzawoyo anagwedeza mutu, n'kupitiriza. Masana onsewo anasuntha asilikali kawiri kokha.

Mkulu uja atapita, amuna anga anakhala pasofa atatopa ngati achokera kolima. Koma anati, "Lero zinali bwino, mayi."

Ine sindinamve zimenezo. Chimene ndinaona ndi thukuta lija, ndipo mtima unandiwawa kwambiri. Munthu amene ankaphunzitsa ana a fomu folo, kuvutika ndi zinayi ndi zitatu pamaso pa mnzake! Kuntchito kwathu zoterezi sitilola. Munthu akayamba kulephera supuni, timamupatsa ya chogwirira chachikulu. Akalephera masewera a tizidutswa tambiri, timamubweretsera a tizidutswa tochepa, osamuuza, kuti amalize asangalale. Ndachita zimenezi zaka zambiri, ndipo achibale a anthuwo amandithokoza. Ndinkadziona kuti pa nkhani imeneyi palibe angandiuze kanthu.

Lolemba pochokera kuntchito ndinagogoda pakhomo la mkulu wa pansi. Ndinamupempha kuti Loweruka abwere ndi kabuku kakang'ono kaja, ndipo anene kuti wavutika ndi iyeyo, maso ake sakuonanso timanambala ta m'buku lalikulu.

Anapukusa mutu. Anati, "Mwamuna wanu si chitsiru. Adziwa."

"Simunaone mmene anavutikira?" ndinatero.

"Ndinaona. Koma yankho anapeza. Ine sindikuthamangira kulikonse, basi yanga ndinaimika kale."

Apa m'pamene ndikanatseka pakamwa. Koma ine ndi ine. Ndinamuuza kuti iye amayendetsa mabasi, ine ndimasamalira odwala, aliyense adziwe ntchito yake. Ndinamuuza kuti akapitiriza choncho awapatsa bambo sitiroko yachiwiri, ndipo ikadzachitika ndidzadziwa woloza chala. Nkhope yake inafiira. Kenaka anati chabwino, mkazi wawo ndinu.

Loweruka anabwera ndi kabukuko. Bodza lake analinena moipa, maso ali pansi, akupukuta magalasi amene analibe vuto. Amuna anga anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti palibe kanthu, mnzako akavutika umamuthandiza. Anasewera. Dayisi limodzi, wafa, dayisi limodzi, wafa. Ola lisanathe asilikali a bambo anali atawoloka waya n'kulanda ngalande ya mdani. Loweruka lachiwiri chimodzimodzi. Panalibe thukuta, panalibe kugwedera milomo, ndipo ine ndinkayenda m'nyumba ndikudzitama mumtima.

Loweruka lachitatu atapambananso, ndinalowa ndi tiyi, ndinawagwira paphewa, n'kunena kuti, "Eee, mwachita bwino kwambiri, bambo." Ndinanena mokweza, mokoka mawu, mutu nditaupendeketsa. Ndinadzimva ndekha mawuwo akutuluka. Anali mawu anga akuntchito, amene ndimalankhulira agogo akamaliza phala. Amuna anga ankawadziwa mawu amenewo, chifukwa asanadwale ankabwera kudzanditenga n'kumandidikira pakhonde la kumeneko.

Anadikira mpaka mnzawo atatsika. Kenaka anandiitana kuti ndikhale pampando wa mkulu uja, tsidya lina la tebulo.

"Mayi, maso a mnzanga ali bwinobwino. Dzana ndinamupeza akuwerenga timalemba ta pabotolo la mankhwala. Anamutuma ndani?"

Ndinayamba kuzungulira, koma anakweza dzanja lamanzere lija, monga ankachitira ndi ana a sukulu. Ndinavomera. Ndinati ndinkafuna kuti asamavutike, kuti asamachite manyazi.

"Manyazi ankachita ndani, ine kapena inu?" anafunsa. Analankhula pang'onopang'ono, mawu aliwonse akuwasaka. "Kuntchito kwanu, supuni zazikulu zija, mumapatsa anthu amene akuchira?"

Anadziyankha okha.

"Mumapatsa amene sadzabwereranso. Adokotala sanandiuze zimenezo. Mwandiuza ndinu, ndipo inu ntchito yanu mumaidziwa."

Ndinalira, ndinapepesa, ndinalumbira kuti si zimene ndinkatanthauza. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anangoimirira ndi ndodo yawo, n'kutseka chitseko cha chipindacho.

Loweruka lotsatira anatumiza mawu pansi kuti mutu ukuwapweteka. Linalo anati kukuzizira. Mkulu uja anakwera masitepe kangapo, buku lalikulu lili m'khwapa, anapepesa monga amuna amapepesera, ndi mawu awiri atatu. Amuna anga ankamulandira bwino, kumwa naye tiyi, kucheza za mpira, koma chipinda chija sankatsegula. Kampira kofinya kaja ndinakapeza kuseri kwa sofa. Mapepala owerengera anasiya. Ndikawakumbutsa ankati mawa. Amayi a kumpingo anabwera kudzapemphera nawo, iwo ankati ameni mwaulemu, n'kubwerera pazenera kukayang'ana abakha pakanalo. Chilimwe chinabwera n'kupita. Ine wolongolola ndinasowa chonena m'nyumba mwanga momwe.

Masamba atayamba kuyoyoka m'mitengo, ndinatsika kukabwereka buku lalikulu lija. Ndinkalitenga m'chikwama, kuliwerenga m'basi ndi pa nthawi yopuma kuntchito, anzanga akundiseka kuti ndikulemba mayeso a usilikali. Linandizunguza mutu, inu. Ine masamu anandikana ndili ku pulayimale. Koma ndinalimbana nalo mpaka ndinadziwa poyambira, ndinadziwa kuti utsi umachotsa zingati, matope zingati. Maganizo anga anali oti ndikakhala wophunzira, iwo adzakhalanso mphunzitsi.

Loweruka lina masana ndinatsegula chipinda chija, ndinapukuta fumbi, ndinaimika asilikali m'ngalande zawo. Kenaka ndinapita pazenera pamene anakhala, ndinagwada monga timachitira kwathu, n'kunena kuti, "Bambo, pali malo andivuta m'buku lanu lija. Tabwerani mundithandize."

Anandiyang'ana, anayang'ana bukulo m'manja mwanga. Ndinaona kuti zawakhudza. Anaimirira, tinapita.

Ndinayeza mtunda ndi tepi, iwo anandikonza kagwiridwe kake, ndipo mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Ndinawapatsa madayisi. Anaponya. Panatuluka ziwiri ndi zitatu, ndipo panafunika kuchotsapo chimodzi chifukwa cha matope. Ulendo uno ndinadziuza kuti ngakhale kutade, ndidikira, pakamwa panga ndisoka. Ndinakhalira manja anga kuti asachite kanthu.

Anayang'ana madayisiwo. Milomo inagwedera pang'ono, kenaka inasiya. Anagwira dayisi limodzi, n'kuwerenga timadontho ndi chala, chimodzi, ziwiri. Anapita pa linalo, ndipo pofika pamenepo anali ataiwala za poyamba. Anabwerera. Anabwereranso. Thukuta silinatuluke. Tsiku loyamba lija ankalimbana ndi chinthu chimene chinali pafupi, chongofunika kuchikoka. Tsopano ankasaka m'chipinda mopanda kanthu. Kaya ndi matendawo amene anapitirira okha, kaya ndi miyezi ija anakhala pazenera chifukwa cha ine, palibe dokotala angandiuze, ndipo funso limeneli ndimayenda nalo tsiku lililonse popita kuntchito.

Tinakhala choncho nthawi yaitali. Ine misozi ikungotsika. Kenaka anatseka buku lalikulu lija ndi dzanja lamanzere, analikankhira kumbali mosamala kuti lisagwetse asilikali, n'kundiyang'ana mopanda mkwiyo uliwonse.

"Mayi," anatero, "tatsikani pansi mukabwereke kakang'ono kaja."