Madzi a Ubatizo Amene Ndinakana Kuphitsa

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu amene wandisunga kufikira lero, ngakhale ndinamuyesa. Inu owerenga, ine ndinawamwetsa amuna anga matenda ndi dzanja langa, ndikuganiza kuti ndikuwamwetsa madalitso.

Kwathu ndi kwa Mlolo. Amuna anga, bambo a Tereza, ankadula nzimbe ku esiteti ku Chikwawa. Chaka china anabwerako ataonda, akutsegula m'mimba osalekeza. Ku chipatala anawayeza chimbudzi ndipo anapeza njoka za m'mimba ndi tizilombo tina tosaoneka ndi maso. Adokotala anandiitanira pambali nandinong'oneza kuti m'magazi mwawo mulinso kachilombo ka Edzi, matenda amene sitinkawatchula mokweza. Anati thupi lawo lili ngati dimba lopanda mpanda. Tizilombo timene munthu wamphamvu amatigonjetsa, iwo tingawaphe. Anandilamula kuti madzi alionse ndiziyamba ndaphitsa.

Ndinamvera. Anamwa mankhwala, m'mimba munaleka, mpaka anayamba kupita okha kudimba kukaona mbatata.

Kenaka mpingo wathu unachita ubatizo ku Shire. Akulu ampingo atapempherera madziwo, ine ndinatunga chigubu chodzaza pomwepo. Palibe anandituma. Mumtima ndinkakumbukira mkulu wa asilikali wakhate wa m'Baibulo uja amene anachira atasamba mumtsinje. Nditafika kunyumba ndinawathirira amuna anga madziwo m'kapu. Anawayang'ana, ali mbuu ndi matope.

"Amake Tereza, amenewa mwaphitsa?"

"Mukufuna ndiphike dalitso ngati mbatata? Imwani, musakayike."

Anaseka pang'ono nati, "Inu mudzandipha ndi chikondi." Koma anamwa, chifukwa ankandikhulupirira. Ndinawapatsa m'mawa uliwonse mpaka chigubu chinatha.

Sabata yachiwiri m'mimba munayambiranso, koposa kale. Zinkangotuluka zamadzi zokhazokha. Mvula inali itagwa kumapiri, madzi atasefukira, njira zonse zitatsekeka. Masiku atatu ndinkaima pakhomo kuyang'ana ngati madzi akuphwa, ndikumva iwo akubuula m'nyumba. Maso awo analowa m'kati, milomo inang'ambika. Ndikagwada kuti ndipemphere, mawu ankakana kutuluka. Tsiku lachinayi achimwene anga anapeza bwato, tinawagoneka pamphasa n'kupalasa kulowera ku Bangula, kenaka galimoto mpaka kuchipatala. Munali modzaza ndi anzathu othawa nkhondo ku Mozambiki, ena atagona pansi.

Adokotala aja anandifunsa ngati ndinkaphitsabe madzi. Ndinawerama. Amuna anga ndiwo anayankha ndi mawu otsika kuti, "Amaphitsa, adokotala." Anandibisira manyazi ali pa diripi ya madzi. Patapita masiku asanu anatisiya.

Sindinganene kuti akanakhala zaka zingati, pakuti matendawo analipo kale. Koma ndikudziwa amene anatsegula chipata. Tsopano nanenso ndayamba kuonda, ndipo m'mimba mukangolira mtima umagunda, ndikamuona Tereza amene sanafike pomadzisamala yekha.

Abale anga, Ambuye wathu anakana kudziponya pansi kuchokera pamwamba pa kachisi. Ine ndinadziponya, ndipo anagwa ndi wina. Ngati muli ndi wodwala wotere, mpempherereni usana ndi usiku, koma madzi phitsani, m'manja sambani, akayamba kutsegula m'mimba thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Moto suwotcha pemphero.

Mulungu asunge odwala anu, alimbitse manja amene akuwasamalira, ndipo akupatseni chikhulupiriro choyenda pamodzi ndi nzeru. Ameni.