Kansalu m'Mahedifoni

Bambo a pachigayo ndakhala nawo moyandikana zaka makumi awiri. Makina anawagonthetsa khutu limodzi, ndipo phokoso amaliopa ngati njoka. Mwana wawo wamkazi amayankha mafoni kuntchito, mahedifoni ali kumutu tsiku lonse.

Tsiku lina mwanayo anabwera atagwira khutu. "Ababa, mawu a mahedifoniwa akundilasa ngati singano."

Bambowo anatsegula mahedifoniwo n'kuyalamo kansalu kofewa kuti mawu afatse.

"Ndi akuntchito amenewo! Mukadula kawayako, ntchito yandithera."

"Ntchito ina imapezeka, mwanawe. Khutu sagula pamsika. Ine ndili moyo, sugontha."

Kawayako sikanaduke. Koma mpaka lero bambowo amamuzembera mwanayo kumbuyo n'kunong'ona dzina lake, mtima uli m'mwamba. Mwanayo akacheuka, m'pamene bambowo amapuma.